Sokosi ya Pamphuno

Mu Juni, dzuwa litakana kulowa ku Kuusamo,
ndinazula bokosi lakuda la kufakitale
n'kuipatsa galimoto yanga mphuno yatsopano:
paipi yonyezimira, fyuluta yofiira psuu.
Ndinaitsitsira pansi, kuseri kwa bampala,
kuti izimwa mpweya wozizira wa pamsewu.
Ndikaponda moto inkabangula
mpaka agalu a kwa Pesonen ankayankha.

Walira mvula walira matope.
Ine ndinalira mpweya wozizira
ndipo Novembala anandipatsa wonse, ndi basera yemwe.

Chipale chinagwa Lachiwiri usiku.
Kutacha, chilole cha boma chinadutsa chikuwaza mchere,
msewu unasanduka phala lotuwa,
mphuno yanga yodula ija ili zyoli,
kununkhiza phalalo mtunda wonse.
Ndisanafike ku Taivalkoski injini inatsokomola.
Kamodzi.
Kenaka kawiri, ngati munthu wotsamwa ndi fupa.
Kanyali kachikasu kanayaka pafupi ndi chiwongolero.
Ndinapatukira m'mbali, ndinazimitsa,
nkhalango yonse ili zii,
ndevu zanga zikuuma ndi mpweya wanga womwe.

Anabwera kudzandikoka ndi Raili,
makaniko wa dzino limodzi lasiliva
amene salankhula asanamwe khofi wachitatu.
M'galaja mwake anagona chagada pa katoni,
nalowetsa mkono mpaka m'phewa,
natulutsa fyuluta yanga ili gwa,
makwinya ake onse atadzaza madzi oundana,
mchere utayera m'mphepete ngati chikanga.

"Aulis," anatero, "injini imapuma, siimwa.
Madzi a kapu imodzi akanalowa mkati,
pisitoni ikanapinda mwendo
ndipo ukanapita kwanu pa basi mpaka Pasaka."

Anaiika pafupi ndi chitofu kuti ilire misozi yake.
Anati usaiumirize ndi mpweya wa pampu, ing'ambika;
isiye iume yokha.
Mafuta ake upake pang'ono chabe,
ukachulutsa amakamata kawaya kowerenga mpweya
ndipo galimoto imayamba kunama.
Anadula paipi, naifupikitsa,
nakweza mphuno ija m'mwamba pafupi ndi batire
kumene phala la pamsewu silifika.
Pansi anamangirira chipulasitiki chotchinga
chimene ine ndinataya mu Juni
poti chinkabisa kukongola.

Potsiriza anatsegula kabati
natulutsa kathumba kakuda, kopyapyala,
kolola mpweya, kokana madzi,
naveka fyuluta yanga ngati phazi la khanda.
Mphuno yofiira, ya ndalama za miyezi iwiri,
yavala sokosi!
Raili anaseka, dzino lija linang'anima.

Tsopano m'mawa uliwonse, kudakali mdima
(kuno mdima umachoka mochedwa ngati mlendo wopanda manyazi),
ndimatsegula boneti ndi tochi kukamwa,
kugogoda chipale chomwe chamatirira usiku,
kukhudza zomangira ngati kuzizira kwazimasula.
Ndimalola injini ifunde ndisananyamuke.
Zithaphwi ndimazilambalala.
Chilole chikakhala kutsogolo ndimatsalira kutali
kuti fumbi lake loyera likagwere ena.
Kubangula kuja kwachepa.
Agalu a kwa Pesonen sadzukanso ndikamadutsa.

Raili akuti nzeru yeniyeni
ndi kubwezera bokosi lakale mpaka chisanu chithe,
poti amene analipanga ankaidziwa Januwale.
Ndinapita kukalifuna m'chipinda chosungira nkhuni.
Ndinalipeza pa shelefu, pakati pa mabotolo a jamu,
mphaka wa amayi atapindika m'menemo
ndi tiana tinayi tosatsegula maso.

Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono.
Sokosi ikwanira mpaka Epulo.